Bipi ya Nzimbe

Chaka chimene ndinali mu giredi naini, amai anayamba kuvala wotchi. Chibadwire anali asanavalepo. Nthawi ankaidziwa poyang'ana mthunzi wa thebulo lawo la malonda, komanso poona mabasi a ku Lusaka akayamba kudutsa motsatana kupita kummawa. Thebulolo linali m'mbali mwa mseu waukulu, pang'ono kuchokera pamsika wa ku Rufunsa, ndipo ankagulitsapo tomato, mbatata ndi nzimbe. Atate anamwalira ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinali awiri, amai ndi ine. Akulu anga, amene ndimawaitana kuti ba sisi, anali atakwatiwa kale ndipo ankakhala ku nyumba za ogwira ntchito m'boma.

Amai ali ndi bipi. Umu ndi mmene aliyense kwathu amatchulira matenda a kuthamanga kwa magazi. Anawapeza nayo ku kiliniki patangopita miyezi yochepa kuchokera pamene amai aakulu, mkulu wawo wa amai, anagwa ali kumunda n'kuthamangira nawo kuchipatala cha ku Mpanshya. Amai aakuluwo anapulumuka, koma kukamwa kunapotoka ndipo dzanja lamanja linaleka kugwira. Titapita kukawaona ankafuna kunditchula dzina, lilime n'kumakana. Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira panja, kuseri kwa thanki ya madzi.

Ku kiliniki anapatsa amai timapilisi tomwa m'mawa uliwonse, ndipo amai ankadana nato. Tinkawachititsa kufuna kutaya madzi pafupipafupi, pamene pamseu palibe chimbudzi chapafupi. Ankasiya thebulo m'manja mwa mnzawo wogulitsa makala n'kuthamangira kutchire, pobwera n'kupeza basi yaima kale n'kupita.

"Mankhwala awa akundithawitsira makasitomala," ankatero.

Komabe ankamwa, chifukwa ankakumbukira mkulu wawo.

Amuna a ba sisi ndi a ku Lusaka. Boma linawatumiza kuno kudzagwira ntchito ya zaulimi. Ndi munthu wamtali, wansangala, wokonda zinthu za mafoni. Kwa amai iwo ndi apongozi, kwa ine ndi alamu. Banja lathu linachokera kummawa, ndipo amai amasunga mwambo wa chipongozi mwamphamvu. Sakhala nawo mphasa imodzi, sadya iwo akuona, sawayang'ana m'maso. Akafuna kuwauza kanthu amatuma munthu, ngakhale onse akhale pabwalo limodzi akumvana bwinobwino. Kwa ine n'zosiyana. Mng'ono wa mkazi ali ndi ufulu wochita nthabwala iliyonse ndi alamu ake. Ndikanatha kuwaseka, kuwabisira nsapato, kuwathirira mchere mu tiyi, popanda wondidzudzula. Chilamu n'chotero.

Vuto linali loti ine sindinkatha. Ndine wamanyazi. M'kalasi, ngakhale yankho ndikulidziwa, dzanja limandilemera. Zimene ndalephera kunena masana ndimazilemba madzulo m'kope langa, ndipo n'chifukwa chake nkhani iyi ndikuikumbukira bwino.

Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ba sisi ndi alamu ankabwera kwathu ndi kamwana kawo. Alamu ankangoti alowe pabwalo n'kuyamba.

"Mkazi wanga wamng'ono ali kuti? Sanandiphikire lelo?"

Ine ndinkabwera ndi mpando, n'kugwada, n'kupereka moni motsitsa mau.

"Mwamva kanthu inu?" ankafunsa ba sisi atagwira khutu. "Iyi wailesi munagula yopanda mabatire."

Onse ankaseka, ngakhale amai kukhitchini. Ine ndinkamwetulira n'kuthawira m'nyumba. Sikuti ndinkakwiya ayi. Ndinkawakonda alamu. Yankho labwino linkandibwerera mochedwa, iwo atapita kale.

Kumapeto kwa mwezi wina m'nyengo yozizira, alamu anabwera kuchokera ku Lusaka ndi kabokosi. Anapatsa ba sisi, ba sisi anapita nako kumene amai anakhala, n'kugwada. Munali wotchi yakuda ya lamba wa labala, nkhope yake ngati kafoni kakang'ono. Alamu anafotokoza ali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, akuyang'ana ba sisi, koma mau akupita kwa amai.

"Uwauze amai kuti iyi si ya nthawi chabe. Ipima mtima, ipima na bipi. Akatinika apa, payaka kamtima. Manje sazavutika kuyenda ku kiliniki nthawi zonse kuti adziwe mmene alili."

Amai analandira ndi manja awiri. Anaomba m'manja mwakachetechete atayang'ana kumbali.

"Uwauze atate ake a mwana kuti ndathokoza. Mulungu awaonjezere pamene achotsa."

Tsiku limenelo amai anasangalala kwambiri. Mawa lake pamseu azimai onse ogulitsa anabwera kudzaona. Wamakala uja anaipempha kuti ayese, ndipo nayenso inamuuza kuti ali bwino.

Kagwiridwe kake kanali kosavuta. Ukatinika batani la m'mbali, pagalasi pankaoneka kamtima kakugunda. Ukadikira pang'ono pankabwera manambala awiri, ina pamwamba ina pansi, ndi liu la Chingerezi la mtundu wobiriwira. Amai sawerenga Chingerezi, ndipo manambala ang'onoang'ono amawavuta, choncho kuwerenga inali ntchito yanga. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ankanditambasulira mkono.

"Yati bwanji?"

"Yati muli bwino, amai."

Ndinkakondwa ponena mau amenewa. Ndinkapita kusukulu mtima uli m'malo. Tsiku lina manambala ankakwera pang'ono, tsiku lina ankatsika pang'ono, koma nthawi zonse liu lija linali lobiriwira.

Patapita masabata angapo ndinaona kuti kapulasitiki ka mapilisi, kamene kankakhala pawindo, sikakuchepa. Ndinafunsa amai mosamala, tikusankha nyemba.

"Amai, mankhwala aja mukumwa?"

"Ndimwerenji? Si iwe amene umandiuza m'mawa uliwonse kuti ndili bwino? Ndachira, mwanawe. Mapemphero amayankhidwa."

Zinali zoona kuti wotchi inkatero, ndipo amai atasiya mapilisi inapitirizabe kunena zomwezo. Ndinaganiza kuti mwina achiradi. Analeka kuthamangira kutchire, ndipo ankabwera kunyumba ali osangalala.

Kutentha kutayamba, mutu unayamba kuwavuta. Ankati ukuwawa kumbuyo, pafupi ndi khosi. Ankamanga duku mwamphamvu n'kunena kuti ndi dzuwa la mwezi wa khumi, aliyense limamuchita choncho. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atakhala pansi pafumbi, atagwira mwendo wa thebulo, tomato atagubuduzikira mumseu. Anati anaimirira mofulumira n'kuona mdima. Ndinawagwira mkono n'kutinika batani. Kamtima kanagunda, manambala anabwera, liu lobiriwira.

"Waona? Ndi njala chabe," anatero amai. "Tola tomatoyo galimoto isanamuponde."

Loweruka lotsatira ndinapita kukawathandiza pamseu. Amai ankafuna kutsuka mbatata m'beseni, ndipo wotchi sankalola kuti ikhudze madzi. Anaivula, ndipo poopa kuti ingagwere pafumbi, anaimanga pa nzimbe imodzi mwa zimene zinatsamira thebulo. Kenako anatenga chigubu kupita kumjigo. Ndinatsala ndekha. Kunalibe basi, kunalibe wogula. Ndinayang'ana wotchi ili pa nzimbe ngati pa mkono wowonda, ndipo chala changa chinangotinika batani mwachizolowezi.

Kamtima kanayamba kugunda.

Ndinaganiza kuti ikukumbukira za m'mawa. Ndinadikira kuti izime, n'kutinikanso. Kamtima kanagundanso, manambala anabwera, osiyana pang'ono ndi oyamba aja, ndipo liu linali lobiriwira. Ndinaimasula n'kuimanga pa mwendo wa thebulo. Thebulo nalonso linali bwino. Ndinaiika pa botolo la madzi. Botolo linali ndi mtima.

Ndinakumbukira m'mawa uliwonse umene ndinauza amai kuti ali bwino. Wotchi ija sinkadziwa chilichonse za magazi awo, ndipo iwo anali atasiya mankhwala kalekale.

Atabwera ndinawathandiza kutula chigubu, n'kuwaonetsa. Anayang'ana kamtima kakugunda pa nzimbe kwa kanthawi.

"Nanga nzimbe si yamoyo? Siimera?"

"Nanga thebulo, amai?"

Ndinawaonetsa thebulo. Nkhope yawo inasintha, koma osati mmene ndinkayembekezera. Anandilanda wotchi n'kuipukuta ndi chitenje.

"Leka kuseweretsa chinthu cha apongozi. Uiononga."

"Amai, inama. Tiyeni ku kiliniki."

"Ndikapita ku kiliniki ndi wotchi pamkono, anthu adzati chiyani? Adzati apongozi anandigulira bodza. Mwana wa eni wachoka ku Lusaka kundiganizira ine, ndiye ndimuchititse manyazi pa Rufunsa ponse? Mau amenewo pakamwa panga sangatuluke. Ndipo iwe usakawatulutse."

Basi inaima, anthu anatulutsa manja pamawindo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lolemba nditaweruka ndinadzera kwa ba sisi. Ndinawapeza akusambitsa mwana pakhonde. Ndinawauza zonse, za mapilisi, za mutu, za nzimbe. Anasiya kusambitsa, mwana n'kumamenya madzi yekha.

"Iwe, ukunena zoona?"

"Ndinayesa kangapo."

"Alamu ako anazungulira tauni yonse kufuna wotchi ija. Amauza anzawo onse kuofesi kuti apongozi awo manje ali na dokotala pamkono." Anapumira m'mwamba. "Usawauze. Ndilankhula ndi amai kuti ayambenso kumwa mankhwala. Za wotchi tiziona pambuyo."

Analankhuladi nawo mawa lake. Ndinalipo. Amai anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Wotchi ndi ya amuna ako. Ukundiuza kuti amuna ako anandinamiza?"

Ba sisi anayang'ana pansi. Sakanatha kunena kuti inde, ndipo amai ankadziwa zimenezo. Anacheza za mwana, za mvula imene inkachedwa, n'kutsanzikana.

Sabata imeneyo m'mawa uliwonse amai ankanditambasulirabe mkono. Ndinaleka kunena kuti ali bwino. Ndinkangoti yayaka zobiriwira. Iwo ankagwedeza mutu ngati ndanena chinthu chomwecho. Lachinai anatuluka magazi m'mphuno akusesa pabwalo. M'kalasi sindinkamva chilichonse. Galimoto ikadutsa mothamanga pamseu ndinkaganiza kuti yanyamula amai kupita nawo ku Mpanshya.

Ndinaganiza za aliyense amene akanatha kulankhula. Amai sakanauza apongozi awo. Ba sisi sakanatsutsa amuna awo pamaso pa amai, kapena amai pamaso pa amuna awo. Munthu mmodzi yekha amene amai akanamumvera pa nkhani ya wotchi anali mwini wake amene anaigula. Ndipo pabanja lonse panali munthu mmodzi yekha amene mwambo unkamulola kuseka alamu pamaso pa anthu popanda wina kuchita manyazi. Ndinafufuza wina m'maganizo mwanga, koma sanapezeke. Munthuyo ndinali ine.

Lamlungu m'tchalitchi sindinaimbe. Ndinkabwereza mau anga chamumtima, ndipo pobwerera kunyumba ndinkawanong'ona panjira, amai ali patsogolo. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa padzatuluka mpweya wokha.

Alendo athu anafika monga mwa nthawi zonse. Alamu anakhala pansi pa mango, ba sisi pamphasa pafupi nawo. Amai anali kukhitchini, ndipo ndinkadziwa kuti akamaphika wotchi amaipachika pa msomali wa pachitseko. Ndinaitenga iwo atatembenuka. Ndinadula chidutswa cha nzimbe chachitali ngati mkono, ndinachimanga wotchi, ndinachigoneka m'mbale n'kuchifunditsa kansalu ngati wodwala.

"Mkazi wanga wamng'ono wandibisalira kuti?" alamu anali atayamba kale.

Ndinayenda pabwalo lonse ndi mbale ija. Miyendo inkangofuna kubwerera. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Ba mlamu," ndinatero, ndipo mau anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinayambiranso. "Ba mlamu, ndamva kuti masiku ano ndinu ba dokotala. Ndabwera ndi wodwala wanga. Mundipimireko."

Alamu anatsegula maso n'kuyang'ana ba sisi.

"Yalankhula! Ndani wagula mabatire?"

Anavundukula kansalu n'kuseka mpaka kugwira pamimba. Ba sisi sanaseke. Kukhitchini phokoso la mapoto linaleka.

"Adwala chani uyu wodwala wako?"

"Shuga, ba dokotala. Thupi lonse ndi shuga yekhayekha. Koma ine ndikuopa bipi."

Apa ngakhale ba sisi anaphulika, atatseka pakamwa ndi dzanja. Alamu anakhala mowongoka, anakonza kolala ya shati ngati dokotala weniweni, anagwira nzimbe ija mwaulemu n'kuifunsa ngati inagona bwino. Kenako anatinika batani.

Ndinayang'ana nkhope yawo. Kamtima katayamba kugunda ankasekabe. Manambala atabwera, kuseka kunachepa. Anatinikanso. Anamasula wotchi n'kuimanga pa mkono wa mpando, n'kudikira. Anaiika pa nsapato yawo. Pomaliza anaigwira m'mwamba pa lamba, osakhudza kanthu, ndipo inapima mphepo n'kupeza kuti mphepo ili bwino.

Ndinali chigwadire. Ndinaganiza kuti ndalakwa, kuti nthabwala yapitirira malire.

"Mlamu," anatero motsitsa mau, ndipo aka kanali koyamba kundiitana popanda kuseka. "Amai mankhwala akumwa?"

"Anasiya. Wotchi inkati achira."

"Liti?"

"Kusanatenthe."

Anaika wotchi m'mbale n'kupukuta nkhope ndi manja onse awiri. Kenako anatembenuza mpando pang'ono, osati kuyang'ana kukhitchini, koma kuti mau apite kumeneko.

"Pita ukawauze amai kuti ine mwana wawo ndinagula chinthu chopanda nzeru. Ananinamiza mu tauni, na ine nabwera kunamiza amai osadziwa. Ukawauze kuti ndapepesa."

Amai anali atamva liu lililonse, chifukwa khitchini yathu ili pafupi ndipo ilibe chitseko chotseka bwino. Komabe ndinaimirira, ndinapita, ndinagwada pakhomo n'kubwereza zonse. Amai anali atakhala pa kampando, mthiko uli m'manja, akuyang'ana khoma.

"Ukawauze atate ake a mwana kuti palibe chopepesa. Mphatso ndi mtima. Wotchi ndi yabwino, imanena nthawi bwinobwino."

Ndinabwerera pansi pa mango n'kunena.

"Ukawauze kuti nthawi inena zoona, koma za magazi ili monga ine: ikonda kukondweretsa anthu. Ukawauze kuti nipempha, mawa m'mawa apite ku kiliniki. Akakana, ine nizachita manyazi kuposa apa."

Ndinapitanso. Amai anandiyang'ana, ndipo sindinadziwe ngati akwiya kapena ayi.

"Iwe ndi nzimbe zako," ananong'ona. Ndiyeno mokweza, kuti zimveke pabwalo: "Ukawauze kuti apongozi akapempha, munthu sakana. Ndipita."

Nditabwera ndi yankho limeneli ndinangokhala pamphasa pafupi ndi ba sisi. Iwo anandigwira bondo. Alamu anatenga nzimbe ija, anaisenda ndi mano n'kuyamba kutafuna.

"Wodwala wako wamwalira," anandiuza. "Koma anali wokoma mtima."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba inakana kuleka. Ba sisi anauza alamu kuti andisiye.

M'mawa mwake alamu anafika ndi njinga yamoto ya kuntchito kuti anyamule amai. Apa anali ataiwala mwambo. Amai sakanakwera kumbuyo kwa apongozi, kuwagwira m'chiuno pamseu anthu akuona. Anandituma kuti ndikathokoze n'kunena kuti miyendo ilipo. Choncho tinayenda wapansi, amai ndi ine, pang'onopang'ono chifukwa cha mutu. Nditacheuka ndinaona alamu akutitsatira chapatali, akukankha njinga yamoto ija ndi manja, thukuta lili chuchuchu. Ana a sukulu amene tinkakumana nawo ankawafunsa ngati mafuta atha.

Ku kiliniki tinakhala pabenchi mpaka nthawi yathu itakwana. Alamu anatsala panja. Anesi anali mai wachikulire wa magalasi, amene ankawadziwa amai. Anakulunga lamba wansalu pamkono wa amai, pamwamba pa chigongono, ndipo makina anayamba kufinya. Anayang'ana manambala, anauza amai kuti apume kaye osalankhula, kenako anapimanso mkono winawo. Sanakweze mau.

"Amai, mwayenda wapansi ndi bipi iyi?"

Anawagoneka pabedi la kuseri kwa nsalu, anawapatsa piritsi, n'kunena kuti sachoka mpaka itatsikako. Anafunsa chifukwa chimene anasiyira mankhwala. Amai anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi, kenako ndinafotokoza za wotchi. Anesi anaitenga n'kuitembenuza.

"Zilipo zina zabwino, zimathandiza munthu kudziyang'anira," anatero. "Koma ngakhale zimenezo timaziyerekeza kaye ndi makina awa. Ndipo palibe wotchi imene ili ndi mphamvu youza munthu kuti asiye mankhwala. Anakugulirani ndani?"

"Wotchi ilibe mlandu," amai anayankha ali chigonere. "Mkono wanga ndiwo wakalamba."

Anesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndikuganiza kuti anamvetsa, chifukwa sanafunsenso. Ine ndinalimba mtima n'kunena chinthu china chimene amai sakanatchula, cha kuthamangira kutchire ndi mabasi opita. Amai ananditsina pamkono.

"Nanga bwanji simunanene kale?" anatero anesi. "Mankhwala a bipi si amtundu umodzi. Tikambirana ndi akilinikala, amene amalemba mankhwala pano, tiona amene angakuyanjeni."

Tinakhala kumeneko mpaka dzuwa litapendeka. Nthawi ndi nthawi anesi ankabwera kudzapima, ndipo ine ndinkatuluka kukauza alamu, amene anakhala pa mwala pafupi ndi njinga yawo tsiku lonse osapita kuntchito. Ulendo womaliza anesi anagwedeza mutu n'kunena kuti yatsikako, tingapite, koma tibwerenso sabata yamawa. Nditawauza alamu, anavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba kwa kanthawi. Kenako anandifunsa ngati ndadya, n'kupita kukatigulira vitumbuwa.

Mapilisi atsopano anali aang'ono, ndipo sankawathamangitsa amai. Mutu sunaleke tsiku limodzi. Unkachepa pang'onopang'ono, mpaka m'mawa wina ndinaona kuti duku amanga momasuka. Wotchi anapitiriza kuivala, makamaka Lamlungu, kuti apongozi aione pamkono. Koma sananditambasulirenso mkono kuti ndiwerenge. Ba sisi anandiuza kuti alamu ankafuna kugula ina yodula, koma anesi anawalangiza kuti ngati akufuna kuthandiza, azingoonetsetsa kuti amai sakuphonya tsiku la kiliniki. Kuyambira pamenepo, tsikulo likayandikira, alamu amandiitanitsa kudzera mwa ba sisi n'kundituma kuti ndikakumbutse amai.

Mvula yoyamba itagwa tinapitanso kukapimitsa. Anesi anapima kamodzi kokha.

"Apa ndiye mwakhala munthu," anatero. "Pitirizani choncho. Osasiya, ngakhale mumve bwino bwanji."

Panja panali fungo la dothi lonyowa. Amai ankayenda mofulumira moti ndinkachita kuthamangira kuti ndiwapeze. Titafika pathebulo tinapeza minibasi itaima m'chithaphwi, matayala atawaza matope pa tomato yense amene wamakala ankatisungira. Amai sanatule n'komwe kachikwama. Anapita molunjika kwa kondakitala n'kuyamba kumufunsa ngati kwawo tomato amadya ndi matope, ngati maso anawasiya ku Lusaka, ngati amai ake akudziwa kuti amayendetsa galimoto ngati ng'ombe yosokera. Mau awo ankamveka mpaka kutsidya kwa mseu. Anthu a m'minibasi ankaseka, kondakitala ankangoti, "Pepani amai, pepani," akubwerera chammbuyo.

Ine ndinatenga beseni n'kuyamba kutsuka tomato mmodzimmodzi. Sindinafulumire. Ndinkafuna kuti amai apitirizebe kukalipa, chifukwa mau amphamvu chotero ndinali ndisanawamve kwa miyezi.